Ma database a relational ndi a NoSQL

Database, imene ena amaitcha nkhokwe ya deta, ndi deta yosungidwa mwadongosolo pa kompyuta pamodzi ndi pulogalamu imene imaisamalira, kuti anthu ndi mapulogalamu ena azitha kuipeza, kuisintha ndi kuifufuta. Mabanki, zipatala, masukulu, makampani a mafoni ndi masamba a pa intaneti onse amadalira ma database. Ambiri mwa ma database amene akugwira ntchito masiku ano amagawidwa m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la relational, limene limasunga deta m'matebulo olumikizana ndipo limafunsidwa mafunso m'chinenero cha SQL. Gulu lachiwiri ndi la ma database osatsata dongosolo la matebulo olumikizanalo, amene amadziwika ndi dzina loti NoSQL.

Palibe gulu limene limaposa linzake pa ntchito zonse. Lililonse linapangidwa pofuna kuthetsa vuto lake. Ma database a relational amateteza kwambiri kulondola kwa deta ndipo amayankha ngakhale mafunso amene sanaganiziridwe pachiyambi. Ma database ambiri a NoSQL amasiya zina mwa zitetezo zimenezi kuti athe kufalikira pa makompyuta ochuluka, kugwira ntchito mosalekeza, kapena kusunga deta imene maonekedwe ake salowa bwino m'tebulo.

Mbiri

M'zaka za m'ma 1960, ma database oyamba ankasunga deta ngati unyolo: cholembedwa chilichonse chinkaloza kumene kuli chinzake. Charles Bachman anapanga Integrated Data Store ku kampani ya General Electric, ndipo IBM inapanga IMS, imene inathandiza kusunga mndandanda wa zipangizo zambirimbiri za pulogalamu ya Apollo yotumiza anthu ku mwezi. Mu IMS deta imasanjidwa ngati mtengo, wokhala ndi tsinde ndi nthambi. Ma database amenewa anali othamanga, ndipo IMS ikugwirabe ntchito m'mabanki ena akuluakulu. Vuto linali loti wolemba pulogalamu ankayenera kudziwa njira yeniyeni yoyendamo kuti afike pa deta. Funso latsopano linkafuna pulogalamu yatsopano, ndipo kusintha kasungidwe ka deta kunkaononga mapulogalamu akale.

Mu 1970, Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose ku California, anasindikiza pepala lotchedwa "A Relational Model of Data for Large Shared Data Banks". Mfundo yake inali yoti deta izionetsedwa ngati matebulo, ndipo wofunsa azingonena chimene akufuna, osati njira yochipezera. Ntchito yosankha njira ikhale ya pulogalamu ya database. Mawu oti relation ndi a masamu, ndipo mu mfundo ya Codd amatanthauza tebulo lenilenilo. Codd analandira mphoto ya Turing mu 1981 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Magulu awiri anaonetsa kuti mfundoyi ndi yotheka. Ku IBM kunapangidwa System R, ndipo Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anakonza chinenero chotchedwa SEQUEL mu 1974, chimene kenako chinakhala SQL. Ku yunivesite ya California ku Berkeley, Michael Stonebraker ndi Eugene Wong anapanga Ingres. Oracle inayamba kugulitsidwa mu 1979, DB2 ya IBM inalengezedwa mu 1983, ndipo bungwe la ANSI linavomereza SQL kukhala muyezo mu 1986. Kenako kunabwera ma database aulere: MySQL mu 1995, PostgreSQL imene inachokera ku ntchito ina ya Stonebraker yotchedwa Postgres ndipo inatenga dzina lake latsopano mu 1996, komanso SQLite imene D. Richard Hipp anatulutsa mu 2000. SQLite imapezeka m'mafoni a Android ndi iPhone, choncho anthu ambiri amayenda ndi database ya relational m'thumba osadziwa.

Mmene database ya relational imagwirira ntchito

Tebulo limakhala ndi mizere ndi madanga. Mzere uliwonse umaimira chinthu chimodzi, monga wophunzira mmodzi, ndipo danga lililonse limasunga mbali imodzi ya chinthucho, monga dzina, tsiku lobadwa kapena kalasi. Deta isanayambe kulowa, mwini database amafotokoza matebulo ake, madanga ake, ndi mtundu wa deta yoyenera kulowa m'danga lililonse. Dongosolo limeneli limatchedwa schema. Ngati danga linapangidwira deti, database imakana mawu wamba.

Mzere uliwonse umakhala ndi chizindikiro chake chosafanana ndi cha mzere wina, chotchedwa primary key, monga nambala ya wophunzira. Tebulo lina likafuna kuloza wophunzirayo limangolemba nambala yake, ndipo nambala yolozayo imatchedwa foreign key.

Mwachitsanzo, sukulu ya sekondale ingakhale ndi matebulo atatu: la ophunzira, la maphunziro, ndi la malikisi. Tebulo la malikisi silisunga dzina la wophunzira kapena dzina la phunziro. Mzere wake uliwonse umangokhala ndi nambala ya wophunzira, nambala ya phunziro, teremu ndi malikisi amene wapeza. Zikapezeka kuti dzina la mwana linalembedwa molakwika, limakonzedwa pamalo amodzi okha, ndipo malipoti onse amatuluka ndi dzina lolondola. Kasanjidwe kosunga mfundo iliyonse pamalo amodzi kameneka kamatchedwa normalization. Cholinga chake ndi kupewa kuti mfundo imodzi ilembedwe pawiri n'kuyamba kusemphana.

Foreign key imatetezanso deta. Database imakana kulandira malikisi a nambala imene kulibe m'tebulo la ophunzira, ndipo ikhoza kukana kufufuta wophunzira amene malikisi ake akadalipo. Malamulowa amakhala mu database momwemo, choncho pulogalamu iliyonse yolembamo deta imawatsatira, kaya yalembedwa ndi ndani.

Funso la SQL limaoneka motere:

SELECT dzina FROM ophunzira WHERE fomu = 4;

Funsoli likupempha maina a ophunzira onse a Fomu 4. Silikunena kumene mainawo asungidwa pa diski kapena mmene angafufuzidwire. Funso likakhudza matebulo angapo, database imawalumikiza podzera pa makiyi aja, ndipo kulumikizako kumatchedwa join. Mphamvu yaikulu ya dongosololi ili pamenepa. Mphunzitsi wamkulu akafuna kudziwa chaka chamawa kuti ndi atsikana angati amene anakwera malikisi a masamu pakati pa teremu yoyamba ndi yachitatu, funsolo limayankhidwa popanda kusintha kasungidwe ka deta, ngakhale kuti palibe anali ataliganizira pomanga database.

Transaction ndi malamulo a ACID

Ntchito zina zimakhala ndi masitepe angapo amene ayenera kuchitika onse pamodzi. Munthu akatumiza K50,000 kwa mnzake, ndalamazo zimachotsedwa mu akaunti imodzi n'kuonjezeredwa mu akaunti ina. Magetsi atazima pakati pa masitepe awiriwa, ndalamazo zikhoza kusowa: wotumiza wachotseredwa, wolandira sanalandire. Pofuna kupewa zimenezi, ma database amamanga masitepewo kukhala ntchito imodzi yotchedwa transaction.

Jim Gray wa ku IBM anachita kafukufuku wambiri pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter anafupikitsa malamulo ake anayi m'mawu oti ACID:

Atomicity: masitepe onse achitike, apo ayi pasachitike ngakhale limodzi.

Consistency: ntchito ikatha, deta ikhale ikutsatirabe malamulo onse amene anaikidwa, monga lakuti akaunti isatsike kupyola malire ake.

Isolation: ntchito ziwiri zochitika nthawi imodzi zisasokonezane. Anthu awiri asagule mpando umodzi wa m'basi chifukwa choti onse anauona uli wopanda munthu.

Durability: database ikanena kuti ntchito yatheka, zotsatira zake zisatayike ngakhale kompyuta itazima nthawi yomweyo.

Malamulowa ndi amene amachititsa kuti ma database a relational akhale oyamba kuganiziridwa pa ntchito za ndalama, malipiro a antchito, kuwerengera katundu m'sitolo, kalembera wa anthu ndi kusungitsa malo. Pa ntchito zoterezi, yankho lolakwika ndi loipa kuposa yankho lochedwa.

Chifukwa chake NoSQL inabwera

Malamulo a ACID ndi join zimayenda bwino deta yonse ikakhala pa seva imodzi. Deta ikachuluka, njira yoyamba ndi kugula seva yamphamvu, koma njira imeneyi ili ndi malire ndipo mtengo wake umakwera msanga. Njira yachiwiri ndi kugawa deta pa maseva ambiri wamba, kumene kumatchedwa sharding, ndi kusunga makope a gawo lililonse pa maseva angapo. Apa ndi pamene pamabuka zovuta. Join imafuna kuti deta iyende pa netiweki kuchoka pa seva ina kupita pa ina. Transaction yokhudza maseva awiri imafuna kuti onse agwirizane isanathe, ndipo imodzi ikachedwa kapena kuonongeka, inzake imadikira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani akuluakulu a pa intaneti anafika pamalire amenewa. Google inafotokoza Bigtable mu 2006, database imene inkasunga deta ya masamba a pa intaneti komanso ya Google Earth pa makompyuta masauzande. Amazon inafotokoza Dynamo mu 2007. Akatswiri ake anaona kuti ntchito zambiri za kampaniyo zinkangofuna kutenga chinthu chimodzi pogwiritsa ntchito kiyi yake, popanda join iliyonse, ndipo chofunika kwambiri chinali choti kasitomala asakanizidwe kuika katundu mu basiketi yake yogulira. Facebook inapanga Cassandra pofuna kufufuza mauthenga a anthu ndipo inaitulutsa kwaulere mu 2008. Mmodzi mwa oipanga, Avinash Lakshman, anali nawonso m'gulu limene linapanga Dynamo.

Dzina loti NoSQL linagwiritsidwapo ntchito ndi Carlo Strozzi mu 1998 pa database yake yaing'ono, imene inali ya relational koma yosagwiritsa ntchito SQL. Tanthauzo la masiku ano linafala kuchokera pa msonkhano umene Johan Oskarsson anakonza ku San Francisco mu June 2009. Dzinali silifotokoza luso limodzi. Limangosonkhanitsa ma database osiyanasiyana amene amafanana poti satsata dongosolo la Codd.

Mitundu ya ma database a NoSQL

Ma database a kiyi ndi chosungidwa. Awa ndi osavuta kuposa onse. Pulogalamu imapereka kiyi ndipo imalandira chimene chinasungidwa pa kiyiyo, monga mmene munthu amaperekera tikiti n'kulandira chikwama chimene anasungitsa. Dynamo inali ya mtundu umenewu. Redis, imene Salvatore Sanfilippo wa ku Italy anatulutsa mu 2009, imasunga deta mu memory ya kompyuta ndipo imayankha mofulumira kwambiri. Imagwiritsidwa ntchito posunga mayankho ofunsidwa kawirikawiri, kukumbukira amene walowa pa webusaiti, ndi kuwerengera zinthu zosintha msanga. Kufooka kwake n'koti kufufuza popanda kudziwa kiyi n'kovuta.

Ma database a zikalata. Awa amasunga chinthu chilichonse ngati chikalata chimodzi, kawirikawiri m'kalembedwe ka JSON, ndipo zonse zokhudza chinthucho zimakhala mkati mwake. Zitsanzo ndi CouchDB, imene Damien Katz anayamba mu 2005, ndi MongoDB, imene inatuluka mu 2009. Zikalata siziyenera kufanana. Mu sitolo ya pa intaneti, foni imafotokozedwa ndi kukula kwa batire ndi kamera, nsapato ndi saizi ndi mtundu, buku ndi mlembi ndi chiwerengero cha masamba. Kuika zonsezi m'tebulo limodzi kungafune madanga ambiri okhala opanda kanthu, pamene m'zikalata chinthu chilichonse chimanyamula zake zokha. Mtengo wake ndi woti mfundo imodzi imatha kulembedwa m'zikalata zambiri, ndipo ikasintha iyenera kukonzedwa monsemo.

Ma database a madanga ochuluka. Bigtable, HBase ndi Cassandra ali m'gulu limeneli. Deta imagawidwa pa maseva potsatira kiyi, ndipo mizere ya kiyi imodzi imasungidwa pamodzi, yosanjidwa kale. Amalandira zolembedwa zochuluka kwambiri pa sekondi iliyonse, choncho amayenera mauthenga, mbiri ya zochitika pa makina, ndi miyezo yochokera ku zipangizo zoyezera. Wopanga amayamba wadziwa mafunso amene adzafunsidwe, kenako n'kupanga tebulo la funso lililonse. Mu Cassandra mulibe join, ndipo funso latsopano nthawi zambiri limafuna tebulo latsopano.

Ma database a graph. Awa amasunga zinthu ndi maulalo a pakati pa zinthuzo, monga munthu, kampani ndi adiresi, pamodzi ndi mfundo zoti uyu ndi mwini wa kampani iyi, kapena kampani iyi ili pa adiresi iyi. Neo4j, yochokera ku Sweden, ndi yodziwika kwambiri. Amathandiza pamene funso likutsata maulalo ambiri motsatizana ndipo sizikudziwika kuti ndi angati. Mu database ya relational, sitepe iliyonse yotereyi imafuna join ina. Mosiyana ndi ena a NoSQL, Neo4j imatsata malamulo a ACID, zimene zikuonetsa kuti dzina loti NoSQL silitanthauza kusowa kwa transaction nthawi zonse.

Mawu oti ma database a NoSQL alibe schema amafunika kuwamvetsa bwino. Deta iliyonse yogwiritsidwa ntchito imakhala ndi maonekedwe ake. Kusiyana kuli pa amene amawayang'anira. Mu relational, database imayang'ana deta polowa ndipo imakana yolakwika. Mu ma database ambiri a zikalata, deta imalowa mmene yabwerera, ndipo pulogalamu yoiwerenga ndiyo iyenera kudziwa kuti zikalata za chaka chatha zimasiyana ndi za chaka chino. Ntchitoyo sichoka, imangosamukira kwa olemba mapulogalamu.

Mfundo ya CAP

Mu 2000, Eric Brewer wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anapereka mfundo yokhudza deta yosungidwa pa makompyuta angapo, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch a ku MIT anaitsimikizira mwa masamu mu 2002. Imadziwika kuti CAP. Imati kulumikizana pakati pa maseva kukaduka, database iyenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: kupitiriza kuyankha aliyense ngakhale mayankho angasemphane, kapena kukana zopempha zina kuti deta ikhale imodzi paliponse.

Tiyerekeze kuti kope limodzi la deta lili ku London, lina ku Johannesburg, ndipo netiweki ya pakati pake yaduka. Kasitomala wapempha kusintha chinthu pa seva ya ku Johannesburg. Sevayo ikavomera, makope awiriwo asiyana. Ikakana, kasitomala wabwezedwa. Palibe njira yachitatu mpaka netiweki itabwerera.

Chosankha chimadalira zimene zingaonongeke. Dynamo inasankha kuvomera. Makope a basiketi yogulira akasemphana, ankaphatikizidwa pambuyo pake, ndipo akatswiri a Amazon analemba okha kuti nthawi zina katundu amene kasitomala anachotsa ankatha kubwereranso mu basiketi. Kwa iwo limeneli linali vuto laling'ono poyerekeza ndi kutaya malonda. Njira yolola makope kusiyana kwa kanthawi kenako n'kugwirizana imatchedwa eventual consistency. Buku la maakaunti a banki silingaiyendere mosavuta, chifukwa ndalama imodzi ikhoza kutapidwa kawiri.

CAP imafotokozedwa kawirikawiri ngati kusankha ziwiri mwa zitatu, koma Brewer mwiniwake analemba mu 2012 kuti kafotokozedwe kameneka n'kosocheretsa. Kusankhako kumakakamizika pa nthawi imene netiweki yaduka. Nthawi zina zonse, chimene opanga amayeza ndi liwiro: kudikira kuti makope onse avomereze kumachedwetsa yankho.

Zoyenera kuganizira posankha

Akatswiri amayamba ndi vuto, osati ndi dzina la pulogalamu. Mafunso ofunika kwambiri ndi awa.

Kodi deta ndi yolumikizana motani? Ngati zinthu zambiri zimalozana, monga makasitomala, maoda, katundu ndi malipiro, matebulo amayenera. Ngati chinthu chilichonse chimawerengedwa chokha ndi chathunthu, chikalata chimakwanira. Ngati chofunika ndi kutsata maulalo, graph ndiyo yoyenera.

Kodi mafunso akudziwika kale? Bungwe limene lidzafune malipoti atsopano chaka chilichonse limapindula ndi SQL. Pulogalamu yokhala ndi mafunso ochepa odziwika, obwerezedwa kambirimbiri, ikhoza kusanja deta yake motsatira mafunsowo.

Kodi yankho lakale pang'ono lingaononge chiyani? Chiwerengero cha anthu amene akonda chithunzi chikatsalira kwa masekondi angapo, palibe amavulala. Ndalama za mu akaunti kapena chiwerengero cha mankhwala otsala ndi nkhani ina.

Kodi deta ndi yochuluka bwanji kwenikweni? Seva imodzi yamakono yokhala ndi PostgreSQL kapena MySQL imatha kusunga mizere mamiliyoni mazanamazana. Mabungwe ambiri safika pamene pamafunika kugawa deta pa maseva ochuluka. Kutengera njira za Google pa ntchito yaing'ono kumabweretsa zovuta zake popanda phindu lake.

Kodi adzaisamalire ndani? SQL yakhala ikuphunzitsidwa kwa zaka zoposa 40 ndipo oidziwa ndi ambiri. Gulu la maseva a Cassandra limafuna luso lapadera. Kusankha molakwika kumalipiridwa mochedwa, chifukwa kusamutsa deta pulogalamu ikugwira kale ntchito ndi ntchito yodula komanso yoopsa.

Zitsanzo za ntchito zenizeni

Wikipedia imasunga mbiri ya masamba, ya ogwiritsa ntchito ndi ya zosintha mu MariaDB, database ya relational yochokera ku MySQL, imene inasamukirako mu 2013. Izi zikuonetsa kuti kukhala ndi owerenga ochuluka pakokha si chifukwa chosiyira matebulo.

DHIS2, pulogalamu yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo imene maunduna a zaumoyo m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, imayenda pa PostgreSQL. Ziwerengero za zipatala zimafunika kuphatikizidwa m'njira zosiyanasiyana, potsata boma, mwezi kapena matenda, ndipo ntchito yotereyi ndi ya SQL.

Community Health Toolkit, imene imathandiza ogwira ntchito zaumoyo m'midzi m'maiko monga Kenya ndi Nepal, inakumana ndi vuto lina: foni iyenera kugwira ntchito kumene kulibe netiweki. Deta imasungidwa pa foni mu PouchDB ndipo imatumizidwa ku CouchDB netiweki ikapezeka. CouchDB inapangidwira zimenezi, chifukwa makope awiri akasemphana imasunga onse kuti akonzedwe pambuyo pake. Koma pofuna kupanga malipoti, deta yomweyo imakoperedwa ku PostgreSQL.

Discord, pulogalamu yocheza pa intaneti, inayamba ndi MongoDB. Mauthenga atafika 100 miliyoni chakumapeto kwa 2015, inasamukira ku Cassandra, kumene mauthenga ankasanjidwa potsata chipinda chochezera ndi nthawi, chifukwa funso lalikulu ndi limodzi: mauthenga aposachedwa a m'chipinda ichi. Mu 2022 inasamukiranso ku ScyllaDB, ndipo maseva anatsika kuchoka pa 177 kufika pa 72.

Mu 2016, bungwe la atolankhani ofufuza la ICIJ linagwiritsa ntchito Neo4j pa nkhani ya Panama Papers, zikalata 11.5 miliyoni zochokera ku kampani ya maloya ya Mossack Fonseca. Atolankhani ankatsata maulalo kuchoka pa kampani kupita kwa oiyang'anira, ku maadiresi awo, mpaka kwa eni ake enieni.

Kuyandikirana kwa magulu awiriwa

Kuyambira cha m'ma 2012, malire a magulu awiriwa akhala akuchepa. PostgreSQL inayamba kulandira deta ya JSON mu 2012 ndipo inaonjezera mtundu wotchedwa JSONB mu 2014, kotero kuti tebulo limodzi limatha kukhala ndi madanga okhazikika pamodzi ndi chikalata chosinthasintha. MongoDB inabweretsa transaction zokhudza zikalata zingapo mu 2018. Cassandra ili ndi chinenero chake, CQL, chofanana ndi SQL m'kalembedwe.

Google nayo inabwerera ku transaction. Mu 2012 inafotokoza Spanner, database yofalikira m'makontinenti angapo imene imagwiritsa ntchito GPS ndi mawotchi a atomiki kuti maseva agwirizane za nthawi. Pamwamba pake panamangidwa F1, database ya SQL imene inalowa m'malo mwa MySQL pa ntchito ya malonda otsatsa a kampaniyo. Akatswiri ake anafotokoza kuti kusiyira olemba mapulogalamu ntchito yokonza deta yosemphana kunkawadyera nthawi yambiri ndipo kunkabweretsa zolakwika. Ma database ena, monga CockroachDB ndi TiDB, anatsata njira yomweyo yophatikiza SQL ndi kufalikira pa maseva ambiri.

Masiku ano makampani ambiri akuluakulu amagwiritsa ntchito ma database angapo nthawi imodzi: ya relational yosunga maoda ndi ndalama, Redis yofulumizitsa mayankho, ndi ina yosunga mauthenga kapena mbiri ya zochitika. Database iliyonse yoonjezeredwa imabwera ndi ntchito yake yoisamalira komanso yoonetsetsa kuti deta yake ikugwirizana ndi ya inzake.

Onaninso

SQL
PostgreSQL
Edgar F. Codd
JSON
Seva